Chionetsero cha Madzi pa Sukulu za ku Nambuma

Mwana akangomva ndi makutu kuti madzi oipa adwalitsa, mawa lake waiwala. Koma chimene wachigwira ndi manja ake sachiiwala msanga. Ndicho chifukwa chake nyumba zosungiramo zinthu zakale, monga ya ku Chichiri ku Blantyre imene inatsegulidwa mu 1966, zimaika zinthu poyera kuti ana adzionere okha. Blantyre ndi kutali, koma mphunzitsi wa ku Nambuma akhoza kukonza chionetsero chotere pangodya ya kalasi popanda kutaya ndalama zambiri.

Choyamba ndi mjigo wa m'botolo. Mphunzitsi adule botolo lalikulu loonekera mkati, aikemo timiyala pansi ndi mchenga pamwamba, nathiremo madzi. Mbali imodzi azike kapaipi kufikira pa timiyala. Umenewo ndiwo mjigo. Mbali inayo akumbe kadzenje nadonthezeremo inki. Chimenecho ndicho chimbudzi. Tsono mwana akoke madzi m'kapaipi ndi jekeseni yopanda singano. Posachedwa madziwo atuluka a mtundu wa inki. Pamenepo ana azindikira chifukwa chake chimbudzi chiyenera kukhala kumunsi kwa chitsime, ndiponso kutalika mamita 30 kapena kuposa.

Chachiwiri ndi ziwiya zakutha za mjigo wa Afridev. Mphunzitsi apemphe a komiti ya mjigo mphira zoperepeseka, aziike pambali pa yatsopano. Mwana akazikhudza zonse ziwiri adziwa kumene zipita ndalama zimene makolo ake asonkha mwezi ndi mwezi.

Chachitatu ndi mapu oumba ndi dongo, osonyeza ulendo wa madzi a mumzinda wa Lilongwe: nkhalango ya Dzalanyama kumene mtsinje wa Lilongwe uyambira, madamu a Kamuzu ku Malingunde, loyamba la mu 1966, ndi malo amene a Lilongwe Water Board asefera madzi ndi kuthiramo klorini asanalowe m'mipopi. Ana athire madzi pa phiri lofunda udzu ndi pa phiri lopanda kanthu, aone kumene kutsika matope.

Mau olembedwa akhale ochepa, a m'Chichewa, ndipo apachikidwe pa msinkhu wa mwana. Funso liposa yankho, pakuti mwana ayesetsa kulimasula yekha.

Nkhaniyi si yamasewera ai. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kumudzi ana ndiwo atumidwa kumjigo. Chimene aphunzira pa botolo lija adzachifikitsa pa mtsuko wa amai ao.