Mmene achinyamata angayambitsire kalabu yophunzitsa foni ndi kompyuta kwawo

Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mnyamata kapena mtsikana amene anthu amathamangirako foni ikavuta. Ndi iye amene amatsegulira amalume WhatsApp, ndi iyenso amene agogo amamutuma kukatapa ndalama kwa ejenti. Ambiri mwa achinyamatawa anamaliza Fomu 4 koma akungokhala. Luso ali nalolo likhoza kusanduka sukulu yaing'ono yothandiza dera lonse, ndiponso kabizinesi kowapezetsa ya sopo. Ntchitoyi imafuna dongosolo, ndipo nali dongosolo lake.

Choyamba, gulu lisathamangire kugula zipangizo. Achinyamata atatu kapena asanu akhale pansi ndi anthu awo n'kuwafunsa zimene zimawasautsa. Mayi wogulitsa tomato safuna kudziwa mbiri ya kompyuta; akufuna kudziwa mmene angatumizire chithunzi cha dengu lake kwa kasitomala wa m'tauni. Mlimi akufuna mtengo wa soya asanakumane ndi mavenda. Wophunzira wa Fomu 4 akufuna kulemba kalata yofunsira ntchito. Mayankho amenewa ndiwo akhale maziko a maphunziro.

Kenako pabwere nkhani ya chilolezo ndi malo. Amfumu adziwe, mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu adziwenso, chifukwa chipinda cha sukulu kapena cha tchalitchi chimakhala chopanda ntchito masana ndi Loweruka. Gulu likakhazikika, likadziwike ku ofesi ya achinyamata ya ku khonsolo ya boma lawo komanso ku National Youth Council of Malawi. Mabungwe othandiza amayamba kufunsa mapepala osonyeza kuti gululo ndi lodziwika ku maofesi amenewa.

Pa zipangizo m'pamene magulu ambiri amagwa mphwayi, n'kumadikira azungu kuti abweretse makompyuta. Kudikirako n'kutaya nthawi. Foni ziwiri kapena zitatu za mamembala, laputopu imodzi yakale ndi sola yaing'ono n'zokwanira poyambira. Sola n'njofunika kwambiri chifukwa kalembera wa 2018 anapeza kuti ndi banja pafupifupi limodzi lokha pa mabanja 10 limene linkaunikira ndi magetsi. Bandulo nayo si yofunika tsiku lililonse. Pulogalamu ya Kiwix imasunga nkhani za pa Wikipedia mu kompyuta, ya Kolibri imasunga maphunziro a masamu ndi sayansi, ndipo ya Scratch imaphunzitsa ana kupanga timasewera tawo. Zonsezi n'zaulere ndipo zimagwira ntchito popanda intaneti. Membala mmodzi apite kamodzi kumene kuli netiweki yabwino, akazikopere, basi.

Amene akuona ngati zimenezi n'zochepa akumbukire William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Atasiya sukulu posowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, anapeza buku la Using Energy mu kalaibulale ka kwawo, n'kupanga makina a mphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi njinga. Laputopu imodzi yokhala ndi Kiwix imanyamula zowerenga zambiri kuposa kalaibulale kameneko.

Phunziro loyamba likhale la kuteteza ndalama za pa foni, chifukwa ndi pamene anthu akulira kwambiri. Wophunzitsa awerenge mokweza uthenga wonga umene akuba amatumiza, wonena kuti ndalama zalowa molakwika ndipo azibweze msanga. Kenako aliyense atenge foni yake, aimbe *211# ngati ali pa Airtel Money kapena *444# ngati ali pa TNM Mpamba, aone yekha ndalama zimene zilimo. Munthu akaona ndi maso ake kuti palibe chalowa, sadzaberedwanso mwa njira imeneyo. Pomwepo aphunzire kusintha nambala yachinsinsi, asiye kuika chaka chimene anabadwa, ndipo asaiuze munthu aliyense, ngakhale woimba foni n'kumati ndi wa ku kampani. Wophunzitsa asagwire foni ya wophunzira. Chala chodina chikhale cha mwini wake, ngakhale zitatenga nthawi.

Chilankhulo chikhale cha komweko, Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao. Ntchito ya Unlocking Talent, imene bungwe la VSO ndi la onebillion anaiyambira pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, inaphunzitsa ana masamu pa matabuleti m'Chichewa, ndipo inafalikira m'sukulu zambiri za pulaimale.

Tsopano nkhani ya ndalama, imene ongodzipereka ambiri amachita nayo manyazi. Kudzipereka kopanda kalikonse m'thumba sikukhalitsa. Pakatha miyezi ingapo mamembala amabalalika kukasaka maganyu. Maphunziro a ana ndi okalamba akhale aulere, koma zina zilipiritsidwe: kutchaja foni, kutaipa makalata, kujambula zithunzi za katundu wa amalonda, kukonza timapepala toitanira anthu ku ukwati. Pakhale msungichuma ndi kope lolembamo tambala iliyonse, lowerengedwa pamaso pa onse kumapeto kwa mwezi. Ndalamazo zigawidwe patatu: yokonzera zipangizo, ya bandulo ndi kangachepe ka ophunzitsa. Bizinesi ikayamba kukula, dzina lake likalembetsedwe ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi kuti gulu lithe kutsegula akaunti ku banki.

Atsikana asaiwalidwe. Kalasi ya madzulo kwenikweni imadzaza ndi anyamata okha, chifukwa nthawi imeneyo atsikana amakhala ali pa moto kapena makolo sawalola kuyenda. Ndi bwino kuika maola awoawo masana ndi kukhala ndi mphunzitsi wamkazi. Chitsanzo chowauza chilipo: mHub ya ku Lilongwe, malo oyamba m'dziko muno osulira achinyamata pa luso la makompyuta, inayambitsidwa ndi mayi, Rachel Sibande.

Gulu likayenda bwino kwa miyezi ingapo, lilembere mHub kapena Mzuzu E-Hub kupempha upangiri, litanyamula kope la ndalama ndi mndandanda wa ophunzira. Akuluakulu a sukulu, mipingo ndi mizikiti amene ali ndi zipinda zongokhala zokhoma, awapatse achinyamatawa makiyi.