Kangolo Koyenda ndi Mphepo

M'mwezi wa August, cimanga cili m'nkhokwe ndipo udzu utauma, mphepo ya mwera iomba kolimba ku Mtenguleni. Bwalo lija limene Angoni a Mpezeni abvinapo pa Nc'wala m'mwezi wa February likhala pfumbi lokhalokha. Amai adandaula popeza mphepoyo imwaza ufa pamphasa, koma kwa ana a sukulu imeneyi ndiyo nyengo yokoma yopanga kangolo koyenda kopanda woukankha.

Zopangira zace sizifuna ndalama. Ana atenga mapesi awiri a cimanga nawalumikiza ndi timitengo. Magudumu ndi zibvundikiro za zitini za polishi, zoboola ndi msomali pakati penipeni. Cibowo cikapatuka pang'ono, kangolo katsimphina ngati mbuzi yothyoka mwendo. Waya wogwira magudumu apyola m'kati mwa bango kuti azizungulira momasuka. Pamwamba aimikapo kansungwi, namangirirapo thanga la pepala la thumba la simenti.

Mwana aliyense afuna thanga lalikulu kuposa la mnzace, ndipo apa ndi pamene ambiri alira. Thanga lalikulu ligwiradi mphepo yambiri, koma likatalika, mphepo ikankha kumwamba pamene magudumu atsalira pansi, kangolo nkugubuduka. Mankhwala ace ndiwo kutalikitsa waya kuti magudumu atalikirane, ndi kumangirira kamwala pansi pa mapesi. Mwalawo ukalemeretsa, waya akhulana kwambiri ndi bango, ndipo kangolo kakana kuyenda. Dontho la mafuta a nsatsi licepetsa kukhulanako.

Poyesa, mwana wanzeru asintha cinthu cimodzi cokha. Akasintha thanga ndi magudumu pamodzi, sangadziwe cimene cathandiza. Ayesa katatu, nawerenga mapazi amene kangolo kayenda, pakuti mwera suomba mofanana nthawi zonse.

Codabwitsa ndi ici: kangolo kangathe kuyenda ngakhale mphepo icokere m'mbali. Thanga likapendekeka, mphepo ikankhira kangolo kutsogolo ndi m'mbali momwe. Koma magudumu akana kutsetsereka cammbali, motero kathamangira kutsogolo. Zombo za Jumbe wa ku Nkhotakota zinkaoloka nyanja ya Malawi ndi nzeru yonga yomweyi.

Akulu omwe anapanga ngolo zotere. Ca m'ma 1600, Simon Stevin wa ku Holland anapanga ngolo ya matanga imene inanyamula anthu oposa 20 pamcenga wa m'mbali mwa nyanja. M'caka ca 2022, Glenn Ashby anayendetsa ina panyanja youma ya Gairdner ku Australia, napitirira makilomita 220 pa ora, wopanda petulo ngakhale dontho.

Mafunso
1. Cifukwa ninji kangolo ka thanga lalitali kagubuduka?
2. Kodi mafuta a nsatsi agwira nchito yanji pa waya?
3. Pabwalo la mcenga ndi pansi pozira, kangolo kathamanga koposa pati?