Dzuwa, Kandulo ndi Mbaula: Zimene Mwana wa Sukulu Ayenera Kudziwa

Malaiti akapita madzulo m'komboni, kodi ndani amene athamangira ku kantemba kukagula kandulo? Nanga ndani amene akupiza mbaula kuti amai aikepo mphika wa nsima? Nthawi zambiri ndi mwana wa sukulu. Iye yemweyo ndiye akhala pafupi ndi kandulo mpaka usiku, mphuno iri pa buku, kulemba nchito imene aphunzitsi ampatsa. Conco nkhani ya moto, magetsi ndi mphamvu ya dzuwa si ya akatswiri a ZESCO okha iai. Ndi nkhani ya umoyo wa ana athu, ndipo ana eni ake afunika kuimva bwino, kusukulu ndi kunyumba komwe.

Kodi malaiti acokera kuti?

Yambani ndi funso limeneli, cifukwa ana ambiri aganiza kuti magetsi akhala m'khoma. Auzeni kuti mbali yaikulu ya magetsi a dziko lathu ipangidwa ndi madzi, makamaka ku Kariba pa mtsinje wa Zambezi ndi ku Kafue Gorge. Madzi otsika mwamphamvu azunguza makina, makinawo ndi kupanga magetsi. Madzi akacepa, magetsi nawo acepa. Ndi zimene zinacitika mvula itakana m'dzinja la 2023 kulowa 2024. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse, ndipo cakumapeto kwa caka comweco mabanja ambiri anali kukhala opanda malaiti maola ofika 21 pa tsiku.

Dzuwa silidikira mvula. Ndiye cifukwa cake tiri ndi minda ya sola: wa Bangweulu ndi wa Ngonye kumwera kwa Lusaka, imene inatsegulidwa mu 2019, ndiponso wa ku Chisamba wa mamegawati 100 umene unatsegulidwa mu 2025. Kanyali ka sola kamene mugula pa msika kagwira nchito mofanana ndi minda imeneyi, kungoti nkakang'ono.

Utsi umene mwana apuma powerenga

Tengani sosala yoyera, muigwire pamwamba pa lawi la kandulo kapena la koloboi kwa kamphindi, kenaka muionetse mwana. Adzaona mwaye wakuda bii. Mufunseni kuti, sosala ikakhala palibe, mwayewo upita kuti? Yankho adzalipeza yekha. Ulowa m'mphuno, m'maso ndi m'mapapo a munthu amene wakhala pafupi. Ife amene tinakulira pa koloboi tikumbukira kudzuka m'mawa m'mphuno muli mwakuda, ndipo tinali kuseka cabe, osadziwa kuti mapapo nawo ada.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu 3.2 miliyoni, ndipo opitirira 237,000 mwa iwo anali ana osakwana zaka 5. Utsi umenewu ubweretsa cibayo kwa ana, uipitsa mphumu, ndipo kwa akulu ubweretsa cifuwa cosatha ndi matenda a mtima. Mu 2014 bungweli linalangiza kuti parafini asamagwiritsidwe nchito m'nyumba, kaya pophika kapena pounikira.

Pali zoopsa zinanso. Kandulo yoikidwa pa bokosi kapena pafupi ndi katani itentha nyumba mwana akangosinza. Parafini wosungidwa m'botolo la zakumwa anyenga ana ang'ono, amene amuyesa madzi. Mwana akamwa parafini musamsanzitse, cifukwa posanza parafiniyo alowa m'mapapo ndi kuwaononga. Musampatse mkaka kapena mafuta. Thamangani naye ku kiliniki.

Nyali ya sola iribe lawi, iribe utsi, ndipo ngakhale igwe pa mphasa palibe cimene cipsa. Banja limene ligula makandulo tsiku ndi tsiku liwerengere ndalama za mwezi wonse, kenaka lifunse mtengo wa nyali. Masamu amenewa mpatseni mwana awacite yekha.

Mmene sola igwirira nchito

Ana akonda kufunsa kuti dzuwa lilowa bwanji m'nyali. Panelo ija yakuda iri ndi timabokosi topangidwa ndi silikoni, cinthu cocokera mu mcenga. Kuwala kukagwera pa timabokosi timeneti, magetsi ayamba kuyenda m'waya kupita m'batire, ndipo batire ndiyo isunga mphamvuyo kufikira usiku. Cimene panelo ifuna ndi kuwala, osati kutentha. Masana dzuwa liri pamutu, malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi alandira mphamvu pafupifupi mawati 1,000, ndipo panelo yabwino isandutsa gawo limodzi mwa magawo 5 a mphamvu imeneyi kukhala magetsi.

Pamenepa mwana akhoza kupatsidwa nchito yeniyeni. Kuno ku Zambia panelo iyenera kuyang'ana kumpoto, itapendekeka pang'ono, cifukwa m'miyezi yozizira dzuwa lidzera cakumpoto. Isakhale pansi pa mtengo wa mango. Mthunzi wa nthambi imodzi cabe ucepetsa magetsi kwambiri, ndipo fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala licitanso cimodzimodzi. Mwana azipukuta panelo ya nyali ndi kansalu konyowa m'mawa isanatenthe, ndipo aziika nyaliyo padzuwa asanapite kusukulu. Koma za panelo ya pa denga musiyire wamkulu. Mwana asakwere pa malata.

Batire yaikulu, yonga ya galimoto, ndiyo ifuna cenjezo. Mkati mwake muli asidi wotentha khungu ndi maso, ndiponso mtovu. Poichaja itulutsa mpweya wosacedwa kugwira moto, cotero isakhale m'cipinda cogona kapena pafupi ndi mbaula. Ikatha mphamvu, ana asaiswe kapena kuseweretsa za mkati mwake. Mtovu uononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono, ndipo anthu a ku Kabwe adziwa bwino zimenezi: mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma patapita zaka zambiri ana a m'makomboni oyandikana nawo anali kupezekabe ndi mtovu wambiri m'magazi. Batire yakutha ibwezeni kwa ogulitsa mabatire.

Masamu a mayunitsi

Ciwiya ciriconse ca magetsi ciri ndi nambala yolembedwa pamodzi ndi cilembo ca W. Amenewo ndi mawati, ndipo aonetsa mmene ciwiyaco cidyera magetsi. Yuniti imodzi imene mugula ndi mawati 1,000 ogwiritsidwa nchito kwa ola limodzi. Babu yakale ya mawati 60, ikamayaka maola 5 usiku uliwonse, idya mayunitsi 9 pa mwezi. Babu ya LED ya mawati 9 iwala mofanana, koma siifika ngakhale yuniti imodzi ndi theka. Mwana wa Giredi 6 akhoza kuzungulira nyumba ndi pensulo, kulemba manambala a pa wailesi, pa TV, pa nsimbi ndi pa ketulo. Adzadabwa kupeza kuti mbala zazikulu za mayunitsi ndi zinthu zimene zitenthetsa, osati zimene ziwala.

Masamu omwewa atiuzanso coonadi cimene ogulitsa ena sanena. Mbale imodzi ya sitovu ya mawati 1,500 ikaphika maola 2 idya mayunitsi 3. Panelo ya mawati 50, pa tsiku la dzuwa labwino, ipereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a yuniti imodzi. Ndiye kuti pangafunike mapanelo otere 12 kuti nsima ndi ndiwo zipse, osawerengera mabatire. Sola yaing'ono iunikira, ichaja foni, iliza wailesi. Siiphika. Conco mbaula ikhalabe nafe m'nyumba zambiri, ndipo phunziro lacokera pa dzuwa liyenera kufika pa malasha.

Mbaula isagone m'nyumba

Yatsani kandulo yaifupi, muivundikire ndi botolo la galasi la kukamwa kwakukulu. Posacedwa izima. Mwana aona ndi maso ake kuti moto udya mpweya. Tsopano mfotokozereni kuti malasha akamayaka m'cipinda cotsekedwa sazima msanga monga kandulo. Apitiriza kunyeka ndi mpweya wocepa, ndi kutulutsa mpweya wa poizoni wochedwa carbon monoxide. Mpweya umenewu suoneka, sununkha, ndipo sutsokomoletsa. Ambiri akhulupirira kuti malasha akafiira, utsi ndi kutha, mbaula ingalowe m'nyumba. Uku ndi kulakwa kumene kwagoneka mabanja athunthu tulo tosadzuka nato, makamaka mu Juni ndi Julai pamene mphepo iluma ndipo aliyense atseka mazenera. Malasha ofiira opanda utsi atulutsabe poizoni.

Poizoni ameneyu akalowa m'magazi, agwirira zolimba kuposa mpweya wabwino nthawi zopitirira 200, cotero ubongo ndi mtima zisowa mpweya. Munthu ayamba kumva mutu, cizungulire, nseru ndi kufooka, kenaka tulo. Wogona sazindikira kanthu. Phunzitsani ana kuti ngati anthu awiri kapena atatu m'nyumba adandaula mutu nthawi imodzi, mbaula iri mkati, asayambe kufuna mapilitsi. Atsegule citseko ndi mazenera, onse atuluke, ndipo aitane wamkulu. Wokomoka atulutsidwe panja ndi kutengedwa ku cipatala nthawi yomweyo. Ngakhale atsitsimuke ndi kunena kuti ali bwino, apitebe akapimidwe. Amai oyembekezera ndi makanda ndiwo ali pa ngozi kwambiri.

Lamulo lake ndi lalifupi moti mwana wa Giredi 1 akhoza kulisunga: mbaula ikolezedwa panja, iphikira pamalo opita mphepo, ndipo usiku igona panja. Jenereta nayo cimodzimodzi. Wozizidwa aonjeze bulangete.

Mwana akapsa ndi mbaula kapena madzi otentha, thirani madzi ozizira pa bala kwa mphindi 20. Musapake mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, dzira kapena dothi, ndipo musaboole matuza. Phimbani ndi nsalu yoyera. Bala likakhala lalikulu kuposa cikhato ca mwanayo, kapena liri kumaso, m'manja kapena kumaliseche, pitani ku kiliniki.

Kucepetsa maola a pa mbaula

Malasha ocepa ndi utsi wocepa, ndipo apa dzuwa lithandizanso popanda panelo. Aphunzitsi angatenge mabotolo awiri a madzi, limodzi lokutidwa ndi pulasitiki yakuda, lina ndi pepala loyera, ndi kuwaika pabwalo. Pakatha maola 2 ana akhudze. Lakuda likhala lotentha. Kunyumba, cigubu cakuda coikidwa padzuwa m'mawa cipereka madzi ofunda osamba madzulo, popanda kukoleza moto.

Nyemba ndizo zimaliza thumba la malasha. Zikanyikidwa m'madzi usiku wonse zipsa msanga. Mphika wovundikira uwira mofulumira kuposa wosavundikira. Ndipo pali njira imene ana aikonda cifukwa ioneka ngati matsenga. Wiritsani nyemba zonyika kwa mphindi 30, phulani mphikawo uli covundikira, muukulunge ndi bulangete lakale ndi kuuika m'dengu kapena m'katoni. Musautsegule. Pakatha maola 3 kapena 4 mupeza nyemba zafewa ndi kutentha kwake komwe, ndipo cotsala ndi kuziwiritsanso pang'ono ndi kuthira tomato ndi mcere. Kuphula mphika ndi nchito ya wamkulu. Kuyala bulangete m'dengu ndi kuyang'ana nthawi, mwana angacite.