Palibe wafa, ndiye tingokhala chete?

Funso: Alangizi, ndine mlovi pa boti la chilimira ku Senga Bay. Mwezi watha, tikukoka usipa usiku, chingwe cha khoka chinandikola mwendo n'kundigwetsera m'madzi. Anzanga anandivuula nditangosupuka pang'ono. Eni boti akuti tisakanene ku komiti ya padoko (BVC) poti palibe wafa, komanso akuti vuto ndi kusasamala kwanga. Ndikuopa kuchotsedwa ntchito. Nditani?
Mlovi wodandaula, Senga Bay

Yankho: Achimwene, pepani kwambiri. Chingwe chinakukolanicho chikadali m'botimo. Tsiku lina chidzakola mnzanu mwera utakalipa, ena osamuona. N'chifukwa chake ngozi imafufuzidwa ngakhale munthu wapulumuka.

Khalani pansi nonse amene munalipo, ndi siginala (wa bwato la nyali) yemwe, aliyense anene zimene anaona. Mawu oti "kusasamala" asatseke nkhani. Chingwecho chinaunjikidwa pati, ndipo ndani anachikulunga? M'boti munali kuwala, kapena nyali zonse zinali pa bwato la siginala? Munali mutagonako masana? Mafunde anali otani? Kawirikawiri chimene chimagwetsa munthu si chinthu chimodzi ayi: mdima, kutopa ndi chingwe chongotayidwa poponda anthu zimakumana usiku umodzi. Lembani m'kope tsiku, nthawi, malo ndi zomwe mwagwirizana kusintha, monga poika chingwe, tochi ya m'boti ndi life jacket ya aliyense. Muzimveranso machenjezo a nthambi ya zanyengo pa wailesi, makamaka kuyambira May mpaka August pamene mwera umavuta.

Lamulo la 1997 la chitetezo ndi umoyo pa ntchito limapatsa olemba ntchito udindo woteteza antchito awo, ndipo la 2000 limanena za chipukuta misozi kwa wovulala pa ntchito. Koma alovi ambiri mumagwira popanda pepala lililonse, choncho umboni wanu ndi buku la kuchipatala. Bala ngakhale laling'ono kalionetseni, alembe. Mukaopsezedwa, pitani ku ofesi ya Labour pa boma la Salima.

Ku BVC kaneneni ndithu, pakuti maboti ena padokopo amakokanso chimodzimodzi. Musapite nokha. Tenganani ndi anzanu amene anakuvuulani, ndipo eni boti muwapemphe mwaulemu kuti akakhalepo.