KUKONGOZA BOMA NDALAMA ZA ZOKOLOLA: PHUNZIRO KWA ALIMI A KUMWERA KWA MZIMBA

Msika wa fodya umatsegulidwa m'mwezi wa Epulo, ndipo pofika Juni ndi Julayi ambiri a inu a ku Embangweni, Jenda, Champhira, Mbawa ndi Manyamula mumakhala mutalandira seloshiti ya mabelo anu ochokera ku okushoni ya ku Mzuzu kapena ya ku Chinkhoma. Soya ndi mtedza mumagulitsanso nyengo yomweyo. Ndalama za mlimi zimabwera nthawi imodzi, koma ntchito yake siibwera nthawi imodzi ai. Zina zidzafunika mu Sepitembala ana akamabwerera ku sukulu, zina mu Januwale pa nthawi yopalira ndi kubandira, pamene aganyu afuna malipiro ndiponso nkhokwe yayamba kupepuka. Tsono funso la phunziro lino ndi ili: kodi ndalama zimene zikudikira ntchito yake zizikhala kuti?

Ambiri mumaziika m'chikwama pansi pa mphasa, kapena mumazisiya m'buku la ku banki. Ena mumagula ng'ombe monga ankachitira makolo athu. Ilipo njira ina imene mabanki ndi makampani akuluakulu amaigwiritsa ntchito sabata ndi sabata, koma alimi saimva kawirikawiri. Njirayo ndiyo kukongoza Boma kwa miyezi yowerengeka.

KODI BOMA LIMAKONGOLA BWANJI?

Boma limapeza ndalama kuchokera ku misonkho, koma msonkho sulowa tsiku lomwelo limene Boma lifuna kulipira aphunzitsi kapena kugula mankhwala a m'zipatala. Pa chifukwa chimenechi limakongola kwa mabanki, kwa makampani a inshuwalansi, kwa mabungwe osunga ndalama za penshoni, ndiponso kwa munthu wamba aliyense amene afuna. Ngongole imene Boma limalonjeza kubweza chaka chisanathe amaitcha Treasury Bill. Dzina limeneli muligwire bwino chifukwa ndilo mudzatchule ku banki. M'phunziro lino tiziti kalata ya ngongole ya Boma, ngakhale masiku ano sapereka pepala lokongola loti mukasunge m'sutikesi. Dzina lanu ndi ndalama zanu zimalembedwa m'kaundula wa pa kompyuta.

Njira imeneyi si yachilendo. Inayamba ku Britain m'chaka cha 1877. Kuno kwathu wogulitsa makalatawa m'malo mwa Boma ndi Reserve Bank of Malawi, banki yaikulu imene inayamba ntchito mu 1965. Likulu lake lili ku Lilongwe ndipo ili ndi nthambi ku Blantyre ndi ku Mzuzu.

Makalata alipo a mitundu itatu: ya masiku 91, ya masiku 182 ndi ya masiku 364. Kunena kwina, miyezi itatu, miyezi isanu ndi umodzi, ndi chaka chathunthu.

Inu alimi a fodya simudzavutika kumva m'mene amagulitsira, pakuti nawonso amagulitsidwa pa okushoni. Kusiyana kwake ndi uku. Ku Mzuzu inu ndinu ogulitsa ndipo ogula amapikisana pa belo lanu. Kuno wogulitsa ndi Boma, ndipo opikisana ndi anthu ofuna kulikongoza. Aliyense amanena chiwongola dzanja chimene afuna, ndipo Boma limayamba kutenga ndalama za amene apempha chochepa. Monga mlimi angakane mtengo nabweza belo lake, Bomanso lingakane ndalama za amene apempha chiwongola dzanja chokwera. Ndiye chifukwa chake phindu la makalatawa silikhala pamodzimodzi. Limakwera ndi kutsika.

KAWERENGEDWE KA PHINDU

Apa mpofunika kukhala pansi ndi pensulo. Phindu la kalata silibwera mwezi ndi mwezi. Chimene chimachitika nchakuti mumagula kalatayo pa mtengo wotsika, ndipo tsiku lake likakwana Boma limakupatsani mtengo wonse wolembedwa. Kalata ya K100,000 ya masiku 91, pa chiwongola dzanja cha 16 pa 100 iliyonse pachaka, mungaigule ndi ndalama pafupifupi K96,160. Masiku 91 akatha mulandira K100,000. Kusiyana kwa ziwirizo ndilo phindu lanu.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi mau akuti "pachaka". Mukamva kuti 16 pa 100, musaganize kuti pa miyezi itatu K100 iliyonse ibala K16. Ibala pafupifupi K4 yokha, chifukwa miyezi itatu ndi gawo limodzi mwa magawo anai a chaka. Wina akakuuzani mosiyana ndi apa, kapena sadziwa, kapena afuna kukudyerani.

Titenge mitengo ya m'chaka cha 2024 ngati chitsanzo. Kwa miyezi yambiri ya chaka chimenecho kalata ya masiku 91 inkapereka 16 pa 100, ya masiku 182 inkapereka 20 pa 100, ndipo ya masiku 364 inkapereka 26 pa 100. Pa phindulo ankadulapo msonkho wa 20 pa 100 ndalama zisanalowe m'buku la mwini wake. Mlimi amene anaika K1,000,000 kwa masiku 91 anapindula pafupifupi K39,900, ndipo atadula msonkho anatsala ndi K31,900. Amene anaika kwa masiku 182 anapindula K99,700, natsala ndi K79,800. Amene anapirira chaka chonse anapindula K259,300, natsala ndi K207,400. Imeneyo ndi mitengo ya 2024. Mtengo wa sabata imene mukugula mukaufunse ku banki musanasaine kanthu, ndipo muwapemphe akulembereni ndalama imene mudzalandire msonkho utachotsedwa kale.

ZIMENE PHINDULO SILINGATHE KUCHITA

K207,400 imaoneka yambiri. Koma m'chaka chomwecho cha 2024 mitengo ya zinthu m'dziko muno inakwera ndi pafupifupi 30 pa 100. Katundu amene ankagulidwa ndi K1,000,000 kumayambiriro kwa chaka ankafuna ndalama pafupifupi K1,300,000 chaka chitatha, pamene mlimi wathu uja anali ndi K1,207,400. Anapindula m'buku, koma pa msika anatsika pang'ono. Mnzake amene anasunga ndalama pansi pa mphasa anatsika kwambiri kuposa apo, pakuti anatulutsa K1,000,000 yomwe ija. Kotero kalata ya Boma siilemeretsa munthu. Ntchito yake ndi kuchepetsa kuwonongeka kwa ndalama imene ikudikira, monga m'mene mankhwala a anankafumbwe sachulukitsa chimanga koma amachepetsa chotayika.

Chachiwiri ndi kutsika kwa mphamvu ya kwacha, ndipo apa ndipo ndifuna muchere khutu. M'mwezi wa Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100. M'mwezi wa Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100, dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. K1,000,000 imene dzulo lake inali madola 847 inadzuka ili madola 588. Feteleza amachokera kunja, amadzera ku madoko a Beira ndi Nacala, ndipo amagulidwa ndi madola. Mwezi wake taonaninso: Novembala, mvula ili pafupi. Mlimi amene anagula matumba ake mu Julayi nawasanja m'nyumba pamalo ouma anapulumuka. Amene anasunga ndalama kuti adzagule mvula ikayandikira, kaya anazisunga m'banki, kaya m'kalata ya Boma, anapeza kuti matumba amene anawerengera sakukwananso. Phindu la miyezi itatu silikanatha kutseka dzenje lotere.

Nchifukwa chake langizo langa ndi lakuti ndalama ya feteleza musaikongoze kwa wina aliyense, ngakhale Boma. Mukalandira za mabelo, yambani mwabweza ngongole ya kalabu, mugule feteleza ndi mbeu, ndipo muonetsetse kuti chimanga cha banja chikwanira kufika Epulo. Chimanga chimatsika mtengo pa nthawi yokolola ndi kukwera mu Januwale ndi Febuluwale, ndipo zaka zambiri kukwera kwake kumaposa chiwongola dzanja chilichonse cha ku banki. Zotsala pamenepo, zimene mwaikira fizi ya ana, aganyu, malata kapena malowolo a mnyamata wanu chaka chamawa, ndizo zoyenera kulowa m'kalata.

Nanga ng'ombe? Sindingauze Mngoni wa ku Edingeni kuti agulitse khola. Ng'ombe imaswa, imakoka ngolo ndi khasu, imapereka manyowa, ndipo mtengo wake umakwera pamodzi ndi mitengo ya zinthu. Koma imadwalanso chigodola, imabedwa, ndipo munthu wogulitsa ng'ombe mu Januwale chifukwa cha fizi amagulitsa pa mtengo wa wogula. Ndalama ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi siyenera kusanduka ng'ombe. Banki mkhonde nayo imapereka phindu loposa la Boma, chifukwa mamembala amakongozana pa chiwongola dzanja chokwera. Koma mukudziwa nokha zimene zimachitika pa tsiku logawana ngati anthu awiri kapena atatu sanabweze.

KODI BOMA LINGALEPHERE KUBWEZA?

Funso limeneli nlabwino ndipo musachite nalo manyazi. Ngongole za dziko lathu nzambiri, ndipo gawo lalikulu la ndalama za Boma limathera ku chiwongola dzanja. Maiko ena alepherapo. Anzathu a ku Zambia, kungodutsa malire kuchokera pa Jenda kupita ku Lundazi, analephera kulipira ngongole yakunja mu Novembala 2020. Ku Ghana, kuyambira Disembala 2022, Boma linasintha mapangano a ngongole zake za m'dziko za zaka zambiri, ndipo eni ake anauzidwa kuti adikire nthawi yaitali pa phindu lochepa. Koma m'maiko awiri onsewo makalata a masiku 91, 182 ndi 364 sanakhudzidwe, ankalipidwa pa tsiku lake. Chifukwa chake nchoonekeratu: Boma limakongola sabata iliyonse, ndipo likaphonya kubweza kamodzi, sabata yotsatira palibe adzabwere ku okushoni. Mwa ngongole zonse za m'makwacha, iyi ndiyo yodalirika koposa. Choopsa chenicheni si kukanizidwa ndalama zanu, koma kulandira ndalama zimene mphamvu yake yachepa.

KAGULIDWE KAKE

Simufunika ulendo wa ku Lilongwe. Inu alimi olembetsedwa muli kale ndi buku ku banki kumene ndalama za fodya zimafikira. Pitani ku banki yanu pa Boma la Mzimba ndi chiphaso chanu cha unzika, ndipo mukanene kuti mufuna kugula Treasury Bill. Adzakuuzani ndalama yochepetsetsa imene amalandira, tsiku lotsekera maina a okushoni ya sabata imeneyo, ndi chimene banki imadulapo pa ntchito yake. Wa pa kauntala akakulozerani ku buku losungitsa ndalama kwa miyezi yoikika, dziwani kuti chimenecho nchina: kumeneko mukukongoza banki, osati Boma. Si choipa, koma funsani mitengo yonse iwiri muyerekeze. Mukagula, musachoke opanda pepala losonyeza ndalama imene mwaika, tsiku lobweza ndi ndalama imene mudzalandire.

Pa fomu pamakhala funso lakuti tsiku likakwana ndalama zibwerere m'buku mwanu kapena zigulenso kalata ina. Muliyankhe mosamala. Ngati ndi za fizi, nenani kuti zibwerere.

Vuto likagwa tsiku lisanakwane, kalata ingathe kugulitsidwa kudzera ku banki, koma amadulapo ndipo phindu lingathe kutheratu. Choncho sungani padera ndalama ya matenda ndi maliro, ndipo ngati ndalama ikulolani, gulani makalata awiri ang'onoang'ono a masiku osiyana m'malo mwa imodzi yaikulu.

Werengani masiku pa kalendala musanasankhe. Kalata ya masiku 91 yogulidwa pa 10 Juni idzabweza pa 9 Sepitembala, nthawi yabwino ya fizi ya teremu yoyamba. Ya masiku 182 yogulidwa pa 15 Julayi idzabweza pa 13 Januwale, aganyu ali m'munda. Koma ya masiku 91 yogulidwa pa 1 Sepitembala idzabweza pa 1 Disembala, ndipo ngati munaiwerengera pa ntchito yookera fodya, mwachedwa.

Palibe munthu amene amayenda m'midzi kapena pa msika wa Jenda kugulitsa makalata a Boma, ndipo sagulidwa potumiza ndalama pa foni ya munthu. Chimodzimodzinso inu amene ana anu ali ku Joni ndipo amatumiza ndalama zomangira nyumba: ngati njerwa sizinaotchedwe, ndalamazo zingathe kudikira m'kalata, koma kudzera ku banki basi.

KWA INU A M'MAESITETI

Lamulo la ntchito linasinthidwa mu 2021 ndipo linaletsa utenanti, koma ambiri a inu mukulandirabe malipiro kamodzi pachaka, mwini munda akagulitsa fodya ndi kuchotsera zimene munatenga. Ndalama yanu ingakhale yochepa moti siingafike pa mlingo wa banki. Musataye mtima. Kalabu kapena gulu la anthu odziwana lingathe kutsegula buku limodzi la osainira atatu ndi kugula kalata imodzi, malinga gawo la munthu aliyense lilembedwe m'kope pamaso pa onse. Chimene sindikulangizani ndicho kusiya malipiro anu m'manja mwa mwini esiteti kapena kapitawo kuti akusungireni. Ndalama yotero ilibe tsiku lobweza ndipo ilibe phindu. Inu ochokera ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe dziwaninso kuti kalata siimangidwa pa Mzimba. Tsiku likakwana ndalama zimalowa m'buku mwanu, ndipo mungathe kukazitapa ku nthambi ya kwanu.

Abambo, pepala la ku banki lija musalibise m'thumba la jekete. Amai a kunyumba alione, adziwe banki yake ndi tsiku lake, pakuti fodyayo munasoka limodzi m'chigafa. Mwini kalata akamwalira ndalama zake sizitayika, koma banki siingazipereke kwa munthu wongobwera ndi mau apakamwa. Achibale ayenera kuonetsa chikalata cha imfa ndi makalata owaloleza kuyendetsa chuma cha masiye, ndipo poyambira pake ndi ku ofesi ya Bwanamkubwa wa Boma la Mzimba.