Kodi CBD imachita chiyani ikalowa m'thupi?

Tsiku lina ndikudikira minibasi pa Biriwiri, ndinamva anyamata awiri ovala yunifolomu akukangana. Wina amati, "Chamba ndi mankhwala aise, mpake boma linaloleza." Iyeyu amafuna kuti mlongo wake wodwala khunyu asiye mapilitsi akuchipatala. Apa ndiye mtima wanga unagunda.

N'zoona kuti mu 2020 Nyumba ya Malamulo inaloleza kulima chamba chopangira mankhwala ndi cha m'mafakitale, koma kwa okhawo okhala ndi chiphaso. Kusuta n'koletsedwabe.

Mu chamba muli makemikolo ambirimbiri, koma otchuka ndi awiri: THC ndi cannabidiol, yomwe mwachidule timati CBD. Maselo a muubongo ali ndi timaloko totchedwa CB1. THC imalowa m'timalokoti ngati kiyi, n'chifukwa chake wosuta amaledzera. CBD sikwana bwino pamenepo, ndiye siledzeretsa. Iyo imakagwira malo ena pa maselo a mitsempha, n'kuwachepetsa phuma. Kumbukirani kuti khunyu imagwetsa munthu pamene maselo ambiri a muubongo atumiza mauthenga amagetsi nthawi imodzi, mosalongosoka.

Umboni ulipo ndithu. Pa kafukufuku wa mu 2017 wa ana 120 odwala khunyu yovuta ya Dravet, omwe ankamwa CBD anayamba kugwa pafupifupi ka 6 pamwezi m'malo mwa ka 12. Mu 2018 dziko la America linavomereza mankhwala a CBD otchedwa Epidiolex. Koma taonani: anawo sanasiye mankhwala awo akale ayi. CBD inali yongowonjezera, yoyengedwa bwino, ndipo dokotala ankapima mlingo molingana ndi kulemera kwa mwana.

Komanso ili ndi zovuta zake. Imagonetsa, imatsegula m'mimba, ena imawachotsera chilakolako cha chakudya. Chondidetsa nkhawa kwambiri ine ndi chiwindi. CBD imachedwetsa ma enzyme a m'chiwindi omwe amaphwanya mankhwala ena, motero mankhwalawo amatha kuunjikana m'magazi kuposa mlingo. Ikaphatikizidwa ndi valproate, mankhwala enanso a khunyu, chiwindicho chimatha kupwetekeka.

Nanga chamba cha m'ndudu? Chimenecho chadzaza THC, ndipo palibe amapima mlingo wake. Minibasi isanafike ndinamuuza mnyamata uja kuti kusiya mapilitsi a khunyu mwadzidzidzi kumatha kuyambitsa kugwa kosalekeza, komwe kumapha. Anangoti zii, kenako n'kundifunsa ngati dokotala angamulole kulowa nawo pokaonetsa mlongo wakeyo.