Uthenga umene unabisala m'chithunzi

Kalabu ina ya alimi a soya ndi mtedza kufupi ndi Kamwendo, m'boma la Mchinji, inasankha mlembi wachinyamata, wochangamuka ndi wokonda ntchito yake. Kale uthenga wa kalabu unkayenda pakamwa: kutchalitchi, pachigayo, pamaliro. Iye anatsegula gulupu ya WhatsApp, ndipo anthu anamuyamikira kwambiri.

Amene anakondwa koposa anali bambo wina wachikulire amene anasiya kuona zaka zambiri zapitazo, koma khasu sanalisiye. Foni yawo ili ndi TalkBack, pulogalamu ya m'mafoni a Android imene imawerenga mokweza chilichonse cholembedwa. Akayendetsa chala pagalasi, foni imatchula dzina la wotumiza ndi mawu ake. Chichewa imachitchula mopotoka, ngati mlendo wongophunzira kumene, koma khutu la bambowa linazolowera. Za misonkhano, za mbewu, za zopereka, zonse ankazimva okha popanda kupempha munthu.

Kenako mlembi uja anaphunzira kukonza mapositala pafoni. Zidziwitso zinayamba kutuluka zokongola, zamitundumitundu, chizindikiro cha kalabu pamwamba, mawu onse ali m'kati mwa chithunzi. Pa nyengo yokolola kunapezeka wogula wa ku Lilongwe wofuna soya wambiri pa mtengo wabwino. Ankabwera Lachisanu, ndipo wofuna kugulitsa anayenera kulembetsa matumba ake pofika Lachitatu. Mlembi anakonza positala, anaiponya pagulupu, osawonjezerapo liwu ngakhale limodzi.

Chala cha bambo aja chitafika pamenepo, foni inangonena kuti pali chithunzi. Zotsatira zake zinali tizala ta anthu ovomereza, kenako wina analemba "Tamva", winanso "Zikomo alembi". Gulupu iliyonse imadzaza ndi zithunzi za moni wa m'mawa ndi mavesi, choncho iwo anaganiza kuti ndi zomwezo. Mwana wawo amene akanawawerengera anali kusukulu yogonera konko, ndipo mayi a kunyumba sadziwa kuwerenga. Galimoto inabwera, inanyamula matumba a anzawo, inapita. Iwo anamva Loweruka. Soya wawo anathera kwa mavenda a m'mbali mwa msewu, pa sikelo imene iwo sakanatha kuiona, pa mtengo umene venda anatchula.

Mlembi atakumana nawo anafunsa mosadziwa kanthu: "Bambo, bwanji simunalembetse? Paja ndinaika pagulupu."

"Mwana wanga, unaikapo chiyani? Ine foni inangondiuza kuti chithunzi."

Mnyamatayu sanali woipa mtima, ndipo mpake kumumvera chisoni. Pofuna kukonza cholakwacho anasiya mapositala n'kuyamba kujambula mawu ake. Mwezi usanathe, mayi wina wa vuto losamva, amene ankawerenga bwinobwino mapositala aja, anaphonya msonkhano wogawana mbewu.

Chimene chimandipweteka pa nkhaniyi si ndalama zokha. Munthu amene uthenga wamutsekera kunja amakakamizika kubwereka maso kapena makutu a mnzake, ndipo wobwereka maso sakhala ndi chinsinsi. Amapereka foni kwa mwana wa neba kuti amuwerengere, ndipo mwanayo amaona zonse: ngongole, uthenga wa kuchipatala, ndalama zotsala. Ena amafika potchulira munthu nambala yachinsinsi ya ndalama za pafoni. Bambo wamkulu, wolera ana, woweruza milandu ya pabanja, amasanduka wopemphapempha chifukwa choti wina anakonda mitundu yowala.

Anthuwa si ochepa. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa Amalawi khumi aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, mmodzi ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo vuto la maso ndilo linachuluka. Dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo panganolo limatchula intaneti mwachindunji pakati pa zinthu zoyenera kufikirika ndi aliyense. Tinakhala ndi lamulo la aulumali mu 2012, ndipo mu 2024 panabwera latsopano, limene linasintha bungwe loona za aulumali la MACOHA kukhala MACODA. Mabungwe a anthu aulumali monga FEDOMA, Malawi Union of the Blind ndi MANAD akhala akulankhula za izi kwa nthawi yaitali. Mchinji yomweyi ndi kumene Mtukula Pakhomo anayambira mu 2006, pofuna kufikira mabanja osowa wowagwirira ntchito, ena mwa iwo a anthu aulumali. N'zochititsa manyazi kuti boma limene linatsogola pofikira anthu amenewa liziwasiyanso m'mbuyo pafoni.

Vuto la mlembi uja lilinso m'maofesi akuluakulu. Chidziwitso cha ntchito chimasindikizidwa papepala, chimadindidwa, wina amachijambula ndi foni n'kuchiika pa Facebook. Kwa wosaona, pepala lojambulidwalo ndi chithunzi basi. Mafoni ena atsopano amayesa kuwerenga mawu a m'chithunzi, koma zilembo zikapindika kapena zikasakanikirana ndi maluwa amasokonezeka, ndipo si mlimi aliyense ali ndi foni yotere. Kanema wopanda mawu olembedwa m'munsi, wopandanso womasulira chinenero cha manja, amasiya osamva akungoyang'ana milomo. Wailesi ya Mudzi Wathu imafikira wosaona kumudzi, koma wosamva siimufikira. Anthu ambiri achialubino maso awo ndi ofooka, ndipo tizilembo ting'onoting'ono tachikasu pamalo oyera timawatopetsa. Bungwe loona za intaneti la W3C linatulutsa malangizo a zimenezi, otchedwa WCAG, kale mu 1999, ndipo mfundo yake yoyamba ndi yosavuta: chilichonse chimene si mawu olembedwa chikhale ndi mawu ochifotokoza.

Mlembi wa ku Kamwendo anafika pozindikira zimenezi popanda kuwerenga malangizowo. Tsopano amayamba ndi kutaipa uthenga wonse: tsiku, malo, nthawi, mtengo. Akatero amajambula mawu chifukwa cha osadziwa kuwerenga, ndipo positala imabwera pomaliza ngati nthawi ilipo. Zimamutengera mphindi zochepa, koma soya wa chaka chija sanabwerere.

Inu a mlembi a mpingo, a komiti ya sukulu, a banki mkhonde, ndi inu oyendetsa masamba a maofesi: lowani m'makonzedwe a foni yanu lero, yatsani TalkBack, kapena VoiceOver ngati muli ndi iPhone, tsekani maso, mumvere chidziwitso chimene munatumiza dzulo. Foni ikangoti chithunzi, chilembeninso ndi mawu musanagone.